Impso ya bambo ake ikugwira bwino, koma makutu atseka: timuchititsenso opareshoni ina?

Gulu: Makolo a ana a vuto la kumva, Mzuzu ndi madera ozungulira

Make Tadala (Chibavi):
Mwaswera bwanji makolo anzanga. Ndinalowa m'gulu muno sabata yatha, ndakhala ndikungowerenga, koma lero ndati ndilankhule chifukwa mutu waima. Mwana wanga Tadala ali ndi zaka 7. Impso zake zinasiya kugwira ntchito ali ndi zaka 5. Tinakhalitsa ku Blantyre akusefedwa magazi pa makina, kenako tinapita ku India komwe bambo ake anamupatsa impso yawo imodzi. Papita chaka ndi miyezi itatu, impsoyo ikugwira bwino, Mulungu alemekezeke. Koma tili konko, patangotha masabata atatu chichitireni opareshoni, tizilombo tinalowa m'magazi, anagona ku ICU akubayidwa majakisoni amphamvu masiku ambiri.

Titabwera kuno ndi pamene tinayamba kudabwa. Uyu ndi mwana amene mvula ikamagunda malata ankathawira m'bulangete mwanga. Mvula ya mabingu ija ya mu April anangogona tulo tofa nato. Ndikamuitana atandifulatira, satembenuka. Pano ngakhale mawu ake akusintha, sukulu akuti "ukulu", shuga akuti "uga", ndipo akulankhula mokuwa ngati tili kuchigayo.

Tinakamuyezetsa ku Queens, anati makutu onse awiri afika poipa. Wavala timakina tokweza mawu tija miyezi inayi, palibe chimene chasintha. Tsopano akutiuza za cochlear implant, chipangizo chothandiza kumva chimene amachiika m'khutu pochita opareshoni. Mantha anga ndi awa: mwanayu amamwa tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone tsiku ndi tsiku, mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane impso. Chimfine chenichenichi chimatigoneka m'chipatala. Ndiye amung'ambe kuseri kwa khutu amuikemo chitsulo? Bambo ake akukanitsitsa, akuti impso anali nayo imodzi yopereka, ikawonongeka ina aitenga kuti. Alipo amene anadutsamo?

NaPhiri wa ku Masasa:
Pepani kwambiri mayi. Tikukukumbukirani m'mapemphero.

Madala Zimba (Luwinga):
Ine sindibisa mawu. Mwanayo anapita akumva, wabwera wosamva. Amene anamubaya majakisoniwo ndiwo ali ndi mlandu, alipire okha chipangizocho. Ife amphawi timangoti zikomo ngakhale atiponda chala.

Sister NyaMhango:
Madala, mkwiyo wanu ndikuumva, koma tiyeni tiyambe taona mmene zimakhalira. Ndagwira ntchito m'wodi ya ana zaka zambiri. Pali gulu la majakisoni, gentamicin, amikacin ndi anzake, amene timathamangira mwana akafooka ndi tizilombo ta m'magazi. Amapulumutsa moyo, ndawaona ndi maso angawa. Vuto lake amachoka m'thupi kudzera mu impso. Impso ikakhala kuti sinayambe kukoka bwino, mankhwalawo amatsalira m'magazi n'kukawononga timaselo tomvera ta m'kati mwa khutu. Ukawonjezerapo furosemide, jakisoni wokodzetsa uja, ngozi imakula. Dokotala amene waima pa bedi la mwana amene akutsirizika amasankha moyo kaye. Sindikunena kuti kulakwitsa kulibe, kumachitika, koma ife tili pa foni pano sitingaweruze. Make Tadala, pepala lotulukira m'chipatala muli nalo? Taonani dzina la mankhwala.

Make Tadala (Chibavi):
Lilipo sister. Alemba amikacin masiku 12, vancomycin, ndi furosemide yemweyo.

Sister NyaMhango:
Ndiye sungani pepalalo ngati ndalama. Ndipo lero lomwe lembetsani pachikuto cha buku lake la kuchipatala, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti mwanayu ali ndi impso yoikidwa komanso makutu anawonongeka ndi amikacin. Aliyense wofuna kumulembera jakisoni aone zimenezo asanagwire cholembera.

Kondwani (woyeza makutu):
Monire mose. Mayi, ndiyambe ndi chifukwa chake timakina tokweza mawu sitikuthandiza, kuti bambo akunyumba amvetse kusiyana kwake. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kafupa kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kakang'ono ngati nsawawa. Mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 16,000 pa khutu limodzi, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Amikacin amayamba kupha timene timamva mawu osongoka, n'chifukwa chake "s" ndi "sh" ndi amene ayamba kusowa pakamwa pa Tadala. Sakuwamva, ndiye akuwaiwala. Kamakina kovala kaja kamangokweza mawu, koma ngati wolandira mawuwo kulibe, ngakhale mukweze bwanji ndi chimodzimodzi kukuwira m'nyumba yopanda anthu.

Implant imalambalala timaselo takufato. Ili ndi mbali ziwiri. Yakunja imakhala kuseri kwa khutu, ili ndi maikolofoni ndi batire, ndi kachimbale kamene kamamatirira kumutu ndi maginito. Yam'kati amaiika pansi pa khungu, ndipo kachingwe kake kopyapyala amakalowetsa m'chigoba cha nkhono muja. Kachingweko kali ndi timfundo ta magetsi, 12 mpaka 22 kutengera kampani, timene timagogoda mtsempha womvera mwachindunji. Ubongo saukhudza ayi, ambiri amaopa zimenezo pachabe. Pomwepa pali kankhani kamene ndimakakonda: dokotala wa ku Australia, Graeme Clark, amene bambo ake anali ndi vuto la kumva, anapeza nzeru yolowetsera kachingweko akusewera ndi udzu ndi chigoba cha nkhono m'mbali mwa nyanja. Wodwala wake woyamba anamuika ku Melbourne mu 1978. Ndiye si zinthu zoyeserera, zakhalitsa.

Funso limodzi mayi: anakuuzani chimene chinawononga impso zake zoyamba? Pali matenda ena akumtundu, monga Alport, amene amagwira impso ndi makutu limodzi. Palinso ena amene mwana amabadwa ndi kabowo kakang'ono kutsogolo kwa khutu kapena m'khosi.

Make Tadala (Chibavi):
Anati anabadwa nazo zazing'ono, sizinakule. Kabowo ndamuyang'ana pompano ali mtulo, palibe. Ndipo asanapite ku India ankamva ngakhale ndikutsegula pepala la bisiketi kuchipinda.

Kondwani (woyeza makutu):
Kkkk ndiye ankamvadi. Zimenezo ndi nkhani yabwino kuposa mmene mukuganizira. Mwana amene anamvapo n'kuphunzira kulankhula, ubongo wake ukudziwa kale mawu a Chichewa. Ana otere ndi amene kawirikawiri amapindula msanga ndi implant. Koma nthawi si bwenzi lanu. Mwezi uliwonse umene akukhala chete, katchulidwe kakuthawa.

Agogo a Pemphero:
Ana inu mumathamangira mipeni. Kwathu ku Ekwendeni khutu likatseka timadonthezamo mafuta ofunditsa, komanso pali masamba ena owiritsa akumwa amatsuka m'thupi. Yesani kaye zimenezo mwana wanga.

Sister NyaMhango:
Agogo, ndi ulemu wonse, kwa mwana uyu ayi. Mafuta amafewetsa phula la m'khutu, koma pano vuto si phula. Za masamba akumwazo ndiye ndikugwada, asayerekeze. Tacrolimus ndi mankhwala ovuta, amafuna mlingo weniweni m'magazi. Akachuluka amawononga impso yomwe akuitetezayo, akachepa thupi limayamba kuikana. Zinthu zambiri zimasokoneza mlingowo: erythromycin amaukweza, rifampicin wa TB amautsitsa, ngakhale chipatso cha grapefruit chimaukweza. Nanga masamba amene sitikudziwa muli chiyani?

Agogo a Pemphero:
Chabwino anamwino, ine ndimangothandiza maganizo.

Make Yamikani (Katoto):
Make Tadala, ine za impso sindikuzidziwa, koma chipangizocho ndimagona nacho m'nyumba. Yamikani anadwala matenda oumitsa khosi ali Sitandade 2, anadzuka osamva kalikonse. Anamuika implant khutu lakumanja ku Blantyre, pano ndi chaka chachinayi. Ndikuuzeni zoona zokhazokha.

Opareshoni sinandivute, maola ngati atatu, mawa lake anali akudya phala ndi bandeji kumutu. Chimene palibe anandikonzekeretsa ndi tsiku loyatsa. Amadikira kaye bala lipole, ife tinadikira pafupifupi mwezi. Ine ndinapita nditavala chitenje chatsopano, ndikuganiza kuti akangoyatsa ati "amayi!" tikumbatirane. Atayatsa, mwana anadzidzimuka, anachithothola kumutu n'kuchiponya pa tebulo, kulira. Akuti tonse tikulankhula ngati abakha. Ndinabwera pa basi usiku wonse ndikulira mwakachetechete, ndikuti ndamuvutitsiranji mwana. Zinatenga miyezi. Tsiku lina ndikukazinga mazira ali pabalaza, ndinangomva akufunsa kuti "chikuthetheka n'chiyani?" Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo.

Pano ali Sitandade 5 pa sukulu wamba, amakhala kutsogolo. M'kalasi mukakhala phokoso amavutika, pa msika wa Mzuzu ndiye samva n'komwe, amangondiyang'ana milomo. Akavula pogona kapena posamba, ndi wosamva ngati kale. Zimenezo muzidziwe.

Tsono zimene zimandidya ndi izi. Ulendo wa ku Blantyre wokachuna makinawo pa kompyuta, chaka choyamba tinapita kangapo, thiransipoti ya anthu awiri, kogona, chakudya. Mabatire ochaja, magetsi akazima masiku awiri mwana amabwerera m'chete, mpaka tinagula kasola. Chinyezi cha kuno kwathu, mukudziwa mvula yowaza ya Mzuzu yosadziwa kalendala, usiku uliwonse ndimachiika m'kabokosi koumitsira. Ndipo kachingwe kakunja kanaduka akusewera mpira, tinadikira miyezi iwiri kuti kena kabwere kuchokera kunja. Miyezi iwiri imeneyo anabwerera m'mbuyo ndikuona. Komabe mutandifunsa ngati ndingabwerezenso, ndingabwereze mawa lomwe.

Madala Zimba (Luwinga):
Mwamva? Ndi zinthu za anthu a ndalama izi. Ife a kabaza tingazithe?

Make Yamikani (Katoto):
Madala, ine ndimagulitsa kaunjika pa msika wa Zigwagwa, sindine bwana. Chipangizocho patokha sitikanachigula, mtengo wake ndi madola masauzande ambirimbiri, tinathandizidwa. Koma zotsatira zakezo ndi thukuta langa.

Aphunzitsi Chirwa:
Ndaona zonse mwalemba, ndiloleni ndiikepo mawu anga. Ine ndine wosamva. Makutu anatseka ndili ndi zaka 9, ndinaphunzira ku Embangweni, lero ndine mphunzitsi, ndili ndi mkazi ndi ana atatu, ndimalipira lendi ngati wina aliyense. Chimene chimandipweteka m'gulu muno n'chakuti mwana akasiya kumva timalankhula ngati kwagwa maliro. Tadala wapulumuka imfa kawiri. Moyo wake uli mu impso imeneyo, osati m'makutu. Bambo ake sakulakwa kuopa. Chinenero chamanja chilipo, ndi chinenero chathunthu, a bungwe la anthu osamva la MANAD akhala akuchimenyera nkhondo zaka zambiri ndipo pano chili ndi dikishonale yake. Sukulu zilipo, Embangweni, Bandawe, Karonga. Bwanji kuika moyo pachiswe chifukwa chofuna kuti afanane ndi ena?

Make Tadala (Chibavi):
Aphunzitsi, sindinafune kunyoza, mundikhululukire ngati zamveka choncho. Kungoti mwanayu ankaimba kwaya ya Sande sukulu. Dzulo anandifunsa kuti "amayi, bwanji anthu onse anasiya kulankhula?" Ndinasowa choyankha. Komanso sukulu yogonera konko kwa iye sizingatheke, mankhwala ake ndi a pa ola lake, m'mawa ndi madzulo, ndipo m'hostelo mwana mmodzi akadwala katsabola ndiye kuti ife tili m'mavuto.

Aphunzitsi Chirwa:
Simunandinyoze mayi. Za kugonera ku sukuluzo ndavomera, sindinaziganizire. Koma funso lake lija ndi limene likundiwawa. Mwanayo ali yekhayekha m'nyumba yodzaza anthu, lero, osati chaka chamawa. Kaya muchita opareshoni kaya ayi, ayenera kukhala ndi njira yolankhulirana nanu usiku uno. Make Yamikani anena okha, chingwe chikaduka miyezi iwiri, batire ikatha, akamasamba. Nanga akadzagona m'chipatala chifukwa cha impsoyo, makina atavula, adzanena bwanji pamene pakupweteka?

Make Yamikani (Katoto):
Apa aphunzitsi anena zoona. Ine ndinkakana zamanja, ndinkaopa kuti achita ulesi kulankhula. Miyezi iwiri ija ndi imene inandiphunzitsa. Pano timagwiritsa zonse ziwiri ndipo kulankhula sikunachepe.

Kondwani (woyeza makutu):
Ine ndi aphunzitsi timakangana kawirikawiri muno koma lero tagwirizana theka. Zamanja ayambe, sizitsekereza implant. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti kuika moyo pachiswe. Ana ndi akulu amene anaikidwa impso, chiwindi ngakhale mtima akhala akuikidwa implant m'mayiko ena, ndipo zimene madokotala alemba zikusonyeza kuti zimatheka bwino ngati wodwalayo wakhazikika ndipo madokotala a mbali zonse akugwirira limodzi. Ngozi zake zenizeni ndi ziwiri. Bala likhoza kuchedwa kupola kapena kuchita mafinya chifukwa cha prednisolone ndi anzake aja, ndipo tizilombo tikakhazikika pa chipangizocho nthawi zina amachita kuchichotsa. Yachiwiri ndi matenda oumitsa khosi, amene aliyense wa implant amakhala pa chiopsezo chokwererapo, ndiye wa chitetezo chofooka tiyenera kusamala kawiri. Ubwino wake Tadala wadutsa chaka. Miyezi yoyambirira ndi imene mankhwala ofooketsa chitetezo amakhala ochuluka kwambiri, pano ayenera kuti anatsitsidwa.

Kuno kwathu opareshoni imeneyi inachitikapo. Dr Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi ku Blantyre, pamodzi ndi madokotala ochokera ku UK anaika ana oyamba, ndi zipangizo za kampani ya ku Austria ya MED-EL. Koma mwana wa impso yoikidwa ndi nkhani ina, wopereka chilolezo chenicheni ndi dokotala wa impso. Iye akati dikirani, mudikire.

Sister NyaMhango:
Ndiwonjezere za katemera, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokoneza. Katemera wa chibayo, PCV13, anayamba kuperekedwa ku sikelo m'dziko muno mu 2011, ndiye Tadala ayenera kuti analandira ali khanda, taonani m'buku. Tizilombo ta chibayo timeneto ndi timenenso timayambitsa matenda oumitsa khosi. Kwa mwana ngati iyeyu madokotala amawonjezera wina wotchedwa PPSV23, ndipo amafuna alandire masabata awiri kapena kuposerapo opareshoni isanachitike. Ameneyo alibe vuto chifukwa mulibe kachilombo kamoyo. Koma akatemera amoyo, wa chikuku ndi wa poliyo wodontheza m'kamwa uja, mwana woikidwa impso salandira. A zaumoyo akamayenda khomo ndi khomo pa kampeni, muziwaonetsa buku, musachite manyazi.

China, akadzachita opareshoni, ululu aziletsa ndi panado. Brufen ndi diclofenac ayi, amapweteka impso. Ndipo m'mawa wa tsiku la opareshoni, pamene amati asadye kanthu, mufunsiretu kuti tacrolimus amwa bwanji. Asadumphe ndi kamodzi komwe chifukwa choti wina waiwala kulemba.

Make Tadala (Chibavi):
Ndikulemba zonsezi m'kope. Za poliyozo anatiuza ku India, koma za brufen ndinali nditaiwala, ndipo ali m'kabati muno.

Bambo a Tadala:
Ndine mwini nkhani, mayi akunyumba andipatsa foni kuti ndiwerenge ndekha. Zikomo nonse. Ine sindikukana kuti mwana amve. Koma inu simunamuone ali pa makina aja, thupi litatupa, maso okha. Ndinagona pa tebulo la opareshoni ndikudziwa kuti ndikupereka chinthu chimene sindidzaperekanso. Ndiye wina akati ngozi ndi yochepa, ine ndimamva kuti ngozi ilipo. Ndifunse a Kondwani mosapita m'mbali: bala likachita mafinya, impso ifa?

Kondwani (woyeza makutu):
Bambo, funso limenelo woyankha bwino ndi dokotala wa impso, ndipo mukamufunse ndi mawu omwewo. Chimene ine ndinganene n'chakuti opareshoni ya khutu siyandikira impso, ndipo mafinya a pabala akaoneka msanga amachizika. Poopsa ndi pamene tizilombo tafalikira, kapena pamene apereka mankhwala olakwika pochiza, kapena asiya mankhwala a impso popanda dongosolo. Zonse zitatuzo zimapeweka ngati madokotala awiriwo akulankhulana. Musalole kuti inu mukhale amtengatenga a uthenga wapakamwa, wa impso alembe kalata, wa makutu ayankhe, inu musunge makope. Mukafunsenso zoyamba ndi khutu limodzi, kuti nthawi ya pa tebulo ichepe ndipo bala likhale limodzi. Asanachite adzajambula CT kapena MRI kuti aone ngati njira ya m'chigoba muja ili yotseguka, muwakumbutse za impso asanamubaye mankhwala aliwonse ojambulira. Ndipo poti mwanayu azijambulidwa moyo wake wonse, mufunse ngati mtundu wa implant umene akufuna kuika umalola MRI, chifukwa muli maginito.

Bambo a Tadala:
Ndamva. Sindinavomere, koma ku Blantyre ndipita nawo ndikafunse ndekha. Tsiku lathu la kiliniki ya impso ndi pa 14 mwezi wamawa.

Madala Zimba (Luwinga):
Bambo mwayankhula ngati mwamuna. Ine ndikadali pomwepo kuti ndi zodula, koma tsiku lopita ku depoti mundiuze, katundu ndikunyamulirani ulere.

Make Yamikani (Katoto):
Make Tadala, musanapite bwerani kunyumba mudzachione chipangizocho ndi maso, bambo akenso adzagwire pamutu pa Yamikani amve pamene pali maginito. Iye sachita manyazi, amaonetsa aliyense. Kungoti sabata ino ali ndi chifuwa, tidikire achire kaye, tisamupatsire mwana wanu.

Aphunzitsi Chirwa:
Ine Loweruka lililonse 2 koloko ndimaphunzitsa makolo zamanja kwathu ku Chiputula, timakhala panja pa mtengo wa mapeyala, mpweya ndi wokwanira. Bwerani nonse atatu. Tiyamba ndi mawu amene akufunika msanga: mankhwala, madzi, kupweteka, kukodza, kutentha thupi.

Make Tadala (Chibavi):
Tibwera aphunzitsi. Muwonjezerepo "shuga", chifukwa ndi amene timakanganirana m'mawa uliwonse.

Aphunzitsi Chirwa:
Kkkk ameneyo ana amamugwira tsiku loyamba. Mukafika pa sitolo yobiriwira mutumize uthenga, musaimbe.